Khomo Loyezera Osewera

Khomo la lesitilanti yoyandikana ndi bwalo la basiketibo linali lalifupi, ndipo ochemerera timu ankayezera pomwepo osewera atsopano. Wosewera akagunda mutu polowa, ankati mabwana agula bwino.

Ligi itatha, mabwanawo anagulitsa Chimtali, yemwe chipumi chake chinkalidziwa bwino khomolo, n'kugula mnyamata wina. Tsiku limene mnyamatayo anabwera kudzadya, mayi a lesitilanti anasiya kutsuka mbale kuti aone. Mnyamatayo analowa osawerama n'komwe, mutu wake osagunda khomo.

"Atigulira kamwana ka sukulu," anadandaula telala, mlamu wa mayiwo.

Mayiwo ankangofuna kudziwa chimene mabwana anaona mwa iyeyu. Mnyamatayo anayang'ana kudenga, kumene kunakodwa chipewa chimene malemu amuna a mayiwo anaponya m'mwamba timu itatenga chikho. Ngakhale Chimtali analephera kuchifikira.

"N'chandani icho, amayi?"

Asanamuyankhe, iye anadumpha, n'kutera nacho m'manja.

Mayiwo anachilandira, n'kuchisasa fumbi pang'onopang'ono.

"Alamu, khomo lathuli latinamiza," anatero. "Koma iwe mwanawe, dumphanso. Uchibwezere pomwe anachisiya eni ake."