Msinkhu wa Mwini Tebulo

Rozina ankakanda ufa wa masikono chowerama, beseni lili pansi pakati pa mapazi ake, ndipo anali atatero zaka khumi ndi chimodzi. Msana unayamba kumuyankha chaka chomwe anabereka Martina, mwana wake woyamba. Akamaliza kukanda ankayamba wagwira m'chiuno, n'kumawongoka pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire, mpaka nyenyezi zomwe zinkamuthwanimira zitabalalika. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi oyera n'kumuuza kuti asamawerame. Anaseka njira yonse yobwerera kunyumba. Asamawerame! Ndiye masikonowo azidzikanda okha?

Masiku a msika ankagulitsa pa Mitundu pomwepo, khadi la chipani atalimangirira pamfundo ya chitenje kuti anyamata a pachipata asamubweze. Masiku ena ankasenza dengu mpaka ku Bunda, kunyumba za aphunzitsi a pakoleji. Kumeneko n'komwe anachiona chinthucho. Tsiku lina akudikira pakhomo la kuseri kwa nyumba ina, anasuzumira m'khitchini n'kuona khukhi akukanda buledi ali chiimire. Ufa unali pa tebulo lomangidwa kukhoma, la simenti, losalala ngati mwala wa pamtsinje womwe madzi akhala akuunyambita chiyambire. Dzuwa la pawindo linali litagona pamenepo. Bamboyo ankaimba mluzu, msana uli njo.

Kuyambira tsikulo tebulo lija linayamba kumutsatira. Akamabwerera masana a mwezi wa Okutobala, kutentha kukuvina pamsewu, ankaliona likuyandama pamwamba pa minda yopserera, cha m'munsi mwa phiri la Bunda. Nthawi zina linkatalika, n'kutalika, kudutsa madambo ndi zigafa za fodya mpaka ku Lilongwe, ndipo amayi onse a pa Mitundu anali ataima m'mbali mwake, wina akukanda, wina akusadzula masamba, wina akutsuka mbale, onse ataongoka, aatali kuposa mmene ankawadziwira. Ankawazindikira mochedwa, poti ambiri a iwo ankawadziwa ndi pamutu pokha. Galimoto ikadutsa n'kumumwaza fumbi, tebulolo linkasungunuka, iye n'kusintha nkhata n'kupitiriza ulendo.

Mwamuna wake Yona sanali munthu woipa, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imapweteka. Anali wamtali moti polowa m'tchalitchi ankaweramitsa mutu, wofatsa, wa manja akuluakulu omwe anabwera nawo kuchokera ku migodi ya Wenela. Chaka chimenecho atagulitsa fodya anafika pakhomo ndi ngolo, m'ngolomo muli matumba awiri a simenti.

“Amake Martina, tebulo lanu lija ndi ili.”

Rozina anasisita thumba limodzi ngati tsaya la mwana. Anali matumba awiri okha, ndipo onse ankadziwa kuti lachitatu silidzabwera. Simenti siili ngati ufa woti ukaphonya mchere umakandanso. Ikauma yauma.

Yona ankawadziwa amisiri a masiku amenewo. Khonde la anansi awo linayoyoka mvula yoyamba, mmisiri wake atasowa ngati utsi. Choncho sanafulumire. Anapalasa njinga mpaka ku Nathenje kukaona ndi maso ake ntchito ya a Efulemu, amene mbiri yawo inkamveka mpaka ku Diamphwe. Anakalowa m'tiyirumu ya a Salumu momwe munali kauntala yomwe a Efulemuwo anamanga. Anaigogoda ndi nkhonya kuti amve ngati mkati muli mphako. Anaikanda ndi chikhadabo. Anatayirapo dala madzi kuti aone ngati angaime chithaphwi. Anafunsa mwini wake kuti yaona mvula zingati, kenako anakawapeza a Efulemu n'kuwapanikiza ngati wapolisi: mchenga mumatenga kuti, mkati mumaikamo waya kapena ayi, mukatha tithirire masiku angati. Anabwerako atakhutira.

“Mchenga wa kumtsinje, wopanda dothi. Waya alipo. Kuthirira sabata yathunthu, titafunditsa ziguduli. Munthu uja ndi mmisiri, amake Martina.”

Mafunso onse anafunsa, kupatula limodzi.

A Efulemu anafika Lolemba m'mawa pa njinga yakuda, levulo ndi mpeni womangira atazimangirira pakaliyala, pensulo ili kukhutu. Anali wamfupi, wakhuma, wokonda nthabwala. Rozina anawalonjera atagwada pakhonde. Anawapatsa madzi osamba m'manja atagwada. Masana anabweretsa thobwa n'kugwadanso, ndipo podutsa pomwe amuna anakhala ankayenda chowerama, manja ali pamaondo, monga anamuphunzitsira anamkungwi. A Efulemu nawo anali munthu waulemu, woti sayang'anitsitsa mkazi wa mwini. Ankayankha moni maso ali pa chikho. Ulemu wa uyu ndi ulemu wa uyo zinagwirizana bwinobwino, moti pofika madzulo mmisiri ankadziwa kutalika kwa khoma, kwa windo ndi kwa chitseko, koma msinkhu wa mayi wa pakhomopo sankaudziwa.

“Likhale lofika pati, bambo?” anafunsa a Efulemu ali m'khitchini.

Yona anaima pakhoma, n'kutambasula manja ake aja pomwe anamva kuti m'pabwino.

“Chapa.”

Mmisiri analemba mzere ndi khala, n'kuyeza ndi tepi, n'kuikapo levulo kawiri. Mzerewo unali wowongoka zedi. Anamanga zipilala zitatu za njerwa ndi dothi la pachulu pofuna kusungira simenti pamwamba, n'kuyalapo matabwa oti mawa athirepo konkire.

Dzuwa likupendeka, amuna atapita kukaona mchenga, Rozina analowa m'khitchini yekha. Munkanunkhira dothi lonyowa. Kuwala kwa pawindo kunagona pamatabwa paja monga momwe ankalotera, ndipo kwa kanthawi anamva mluzu wa khukhi uja. Anayandikira. Matabwa anamugunda pachifuwa. Anakweza manja ngati akukanda, zigongono n'kukwera mpaka m'makutu ngati nkhuku yomwe aigwira mapiko. Ululu unatsika kuchokera m'mapewa n'kukakumana ndi mnzake wa m'chiuno.

Anamuuza Yona akutsuka mapazi kuseri kwa nyumba.

“Bambo a Martina, tebulo lija latalika.”

“Latalika bwanji? Munthu wayeza ndi tepi.”

“Wayeza ndani?”

Yona anathira madzi phazi lina. “Musandichititse manyazi. Munthu wachoka kutali, wagwira tsiku lonse. Ndikamuuze kuti agumule chifukwa chiyani? Mudzazolowera.”

Mudzazolowera. Mawu amenewa akazi a kuno awamva kuposa belu la tchalitchi. Mtondo ukalemera, mudzazolowera. Chitsime chikatalikira, mudzazolowera. Rozina anatola beseni n'kukataya madzi pa nthochi.

M'mawa mwake anakanda ufa wake monga mwa masiku onse, chowerama, uku akumva fosholo ikukhwekhwereza pabwalo. Yona ankasakaniza simenti ndi mchenga ndi timiyala, matumba onse awiri atang'ambidwa. Muluwo unali utasanduka wotuwa, pakati atakumbapo dzenje loti alandire madzi. A Efulemu anali m'khitchini kumanga waya pamatabwa.

“Tingomwa kathobwa, bambo, kenako tithire madzi,” anafuula mmisiri. “Madzi akangolowa, palibenso kukhala pansi!”

Rozina anayang'ana chikho cha thobwa chomwe anali atakonza kale. Anayang'ana beseni. M'maganizo anaona amayi ake, anaona anamkungwi atakhala pamphasa, onse akumuyang'ana. Kenako anadziona yekha ali nkhalamba, ataima pa chitsa kutsogolo kwa tebulo lake lomwe, akukanda manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi asilikali.

Anasiya thobwa pomwepo. Ananyamula beseni la ufa.

Analowa m'khitchini osaodira, osagwada. Anadutsa a Efulemu ali chiimire, n'kukweza beseni mpaka pamwamba pa waya uja, n'kuyamba kukanda. Ankachita kunyanyamphira, zigongono zili m'makutu, beseni likugwedera, mkombero wake ukumukhudza chibwano. Yona anafika pakhomo ndi fosholo m'manja n'kuuma pomwepo.

A Efulemu anayang'ana beseni. Anayang'ana pansi pomwe panali zala za mapazi. Kenako, kwa nthawi yoyamba, anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Mayi,” anatero pang'onopang'ono, “kodi mwathera pomwepa?”

“Ndathera pomwepa, bambo. Mulungu simenti inamuthera.”

Mmisiri anafuna kuseka koma anakumbukira zipilala zake. Nkhope inasintha.

“Amake Martina, tatulukani kaye,” anatero Yona chapansipansi.

“Ndituluka. Koma mukathira chonchi, masikono muzikanda ndinu. Lakukwanani bwino.”

“Iyayi, mayi, tisalakwirane,” anatero a Efulemu akuchotsa pensulo kukhutu. “Ine ntchito yanga ilibe chilema. Ikani levulo muone. Ndinafunsa mwini nyumba, mwini nyumba anandionetsa.”

“Mwini nyumba ndi awa, sindikukana. Mwini msana ndine.”

“Zaka makumi awiri ndikumanga, kuyambira ku Nkhoma mpaka kuno, palibe mzimayi anadandaulapo.”

“Munawafunsa angati?”

Panja nkhuku inali itakwera pamulu wa simenti n'kumapalasa, koma palibe anaithamangitsa. Rozina anagwiritsitsa beseni kuti asagwade, poti maondo ankafuna okha.

Yona anatsamiritsa fosholo kukhoma. Anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza mtengo pabwalo pake womwe sanauonepo.

“A Efulemu,” anatero, “kuja kwa a Salumu. Kuseri kwa kauntala kuja ndinaonako kireti ya zakumwa, yovundikira. Akazi awo amaimapo popereka tiyi.”

“Amaimapo, inde.”

“Ndimayesa amangofuna kuona kumsewu.”

A Efulemu anakanda pakhuma pawo. Anayang'ana kudenga ngati akuwerenga nyumba zonse zomwe anamangamo, ndipo Rozina anaona kuti m'nyumba iliyonse akupezamo kireti, kapena njerwa, kapena kampando.

“Madzi simunathire, eti?” anafunsa mmisiri.

“Sindinathire.”

“Ndiye Mulungu alipo.” Anatulutsa tepi m'thumba, n'kupita nayo kwa Rozina, n'kuima panjira. Anayang'ana tepi, anayang'ana mayiyo, n'kubwerera m'mbuyo. “Aaa, ine ayi. Ndisadzayankhe milandu kubwalo. Bambo, katundu ndi wanu, yezani nokha. Mayi, tsitsani besenilo. Muime mmene mumafunira kuima, manja muwaike pomwe akufuna okha.”

Rozina anatsitsa beseni. Anaima. Anatsinzina, n'kulola mapewa kugwa, manja n'kutsika okha mpaka anapeza malo ena m'malere, cha pamchombo, pomwe panalibe kanthu koma pomwe iye ankamva kuzizira kwa simenti yosalala. Anakankha kamodzi, kawiri, ufa wosaoneka. Msana unangokhala chete.

“Pomwepo! Musasunthe. Bambo, mutu wa tepi ukhale pansi penipeni.”

Yona anayesa kuwerama koma kutalika kunamulepheretsa. Anagwada. Maondo ake analira ngati nkhuni zouma, ndipo a Efulemu anayang'ana kuwindo mwaulemu. Anapanikiza tepi pafupi ndi chala chachikulu cha mkazi wake, n'kuikweza mpaka pa zikhatho zoyera ndi ufa.

“Mafiti awiri ndi mainchesi asanu ndi awiri,” anawerenga.

“Mizere itatu ya njerwa ichoke,” anatero mmisiri akupukusa mutu. “Ntchito ya dzulo lonse! Mayi inu, thobwa lija likhale lambiri.”

Anamasula waya, anatsitsa matabwa. Dothi la pachulu linali lisanaumitse, moti njerwa zinkazuka mosavuta, Yona akulandira n'kumaunjika panja. Rozina sanatuluke. Anakhala chiimire pakona, manja akuuma ndi ufa, akuonerera tebulo lake likutsika mzere ndi mzere kubwera kwa iye. Fumbi linkayandama m'kuwala kwa pawindo, pang'onopang'ono, ngati nalonso silikufuna kutera.

Dzuwa lili pamutu anathira madzi pamulu paja. Konkire inalowa m'khitchini ndowa ndi ndowa, a Efulemu akuigwedeza ndi kamtengo kuti ilowe pansi pa waya, kenako n'kuyamba kusalaza. Mpeni womangira unkayenda uku ndi uku, madzi n'kumatuluka pamwamba, mpaka windo lonse linaonekamo pamodzi ndi nthambi ya mpapaya. Atafika kumphepete anaima. Anatembenukira kwa Yona mwachizolowezi, n'kudzigwira, n'kutembenukanso.

“Nanga m'mphepetemu, mayi? Ena amafuna mwakuthwa, pooneka bwino. Ena mozungulira, kuti musamabaye pamimba. Nenani msanga isanagwire.”

Rozina sananene msanga. Anayandikira, n'kuyendetsa chala m'mbali mwa thabwa kuchokera kukhoma mpaka kuchitseko, akuganiza. Amuna awiri aja anadikira, wina ndi ndowa, wina ndi mpeni ukudontha.

“Mozungulira,” anatero. “Ndipo apa, pakona, mudule pang'ono. Ndimadutsapo ndi nkhuni.”