Kasikuluwu Kodyeka Mutu

"Alamu, chonde, osati ndi mpeni!" anakuwa mkazi wa malemu ali pakhomo.

Anachedwa. Atcheya anali atazika kale nsonga ya mpeni wodulira anyezi m'mutu mwa kasikuluwu, lilime lili panja, thukuta likudonthera patebulo. Makina a magemu a mng'ono wawo anali chagada, chivundikiro chitachotsedwa, zam'kati zonse zili poyera. Panatsala kachitsulo kophimba fani yoziziritsa makinawo. Tisikuluwu tina togwira kachitsuloko tinatuluka mwamwayi, ndipo mwayiwo ndi umene unawapatsa matama. Ka pakona kokha kanakana.

"Mlamu, khalani pansi. Ngati Wamagemu ankatsegula chinthu ichi, ine ndingalephere? Ine?"

Wamagemu ndiye malemuyo, mwana womaliza m'banjamo. Dzinali anamupatsa ndi abale ake omwe, ndipo ngakhale m'masiku a maliro sanalisiye, ankangolitchula motsitsa mawu. Atcheya ndiye oyamba kubadwa. Anali wapampando wa makolo kusukulu, wapampando wa kwaya, wapampando wa komiti ya zinyalala mumsewu wa kwawo, paliponse pamene pali mpando ndi anthu oti awamvere. Za zitsulo sankadziwa n'pang'ono pomwe, koma munthu wozolowera kuomberedwa m'manja safunsa.

Mpeni unaterereka, kwee! Mkazi wa malemu anawerama n'kuyang'ana. Mutu wa kasikuluwu, umene unali ndi kabowo kooneka ngati nyenyezi, tsopano unali kadzenje kosalala, kowala. Safunsa anadyadi phula.

"Zinthu zake n'zachabechabe," anatero Atcheya, akupukuta mpeni pa buluku. "Chitsulo chofewa ngati sopo."

M'dzanja la mayiyo munali sikuludiraiva yeniyeni, ya nsonga ya nyenyezi. Anali atangoitola m'bini kuseri kwa nyumba, mmene Achemwali, mlongo wa malemu, anataya kachitini ka zipangizo za mwamuna wake dzulo lake, ati akusesa zinyalala za ana. Anali atapempha Atcheya kuti amudikire pang'ono chabe. Koma Atcheya kudikira munthu wamkazi, wamasiyenso, aa, zikanawatsitsa udindo.

Pafupi ndi zenera, m'chikuku chawo, panali Amayi, mayi ake a malemu. Sitiroko inawapha mbali yonse ya kumanja n'kuwalanda mawu zaka zingapo zapitazo. Chibwerere kumanda sanalawe kanthu. Supu ankamulavula, tiyi ankamukankha, supuni ikayandikira ankaluma mano n'kuloza maso pa tivi yozima. Milomo inali itayamba kung'aluka.

Ana awo awiri otsalawo nkhaniyi anali ataimaliza kale pafoni. Galimoto ibwera masana ano, Amayi apita kuchipatala kukawaika paipi yodyetsera m'mphuno, akachoka uko apita ku nyumba yosungirako okalamba kumene Atcheya anali atalankhula kale ndi akuluakulu. Mkazi wa malemu ankadziwa kuti akatuluka pakhomo limenelo sadzabwereranso. Iye ankafuna apongozi akewo akhale. Kuntchito kwake, ku sitolo ya mankhwala, anali atapempha kale kuti azigwira m'mawa wokha.

"Akadya, akhala," anali atatero Atcheya m'mawa, akuseka. "Koma zoti munthu wamkulu angadye chifukwa cha chidole, mlamu, chisoni chakusokonezani mutu."

Komatu ndi mmene zinkakhalira m'nyumbamo. Malemu anasiya ntchito yoyendetsa galimoto kuti asamale mayi ake. Tsiku lililonse ankawakankhira pa tivi, n'kuyamba nawo mpikisano wa magalimoto, Amayi akuwongolera ndi dzanja lamanzere. Mpikisano ukatha, iye ankati, "Wopambana ndiye amayamba kudya," Amayi n'kutsegula pakamwa. Abale ake akabwera, kamodzi pakanthawi, ankangoona bambo wandevu ali pa gemu masanasana, mkazi ali kuntchito. Ankapsonya n'kubwerera osamaliza n'tiyi yemwe.

Makinawo anali atayamba kulira ngati chigayo n'kumazima okha akatentha. Malemu anati fumbi latseka fani, awatsegula Loweruka. Mtima unamugwetsa m'khitchini Loweruka lisanafike. Pa maliro Achemwali anaphimba makinawo ndi nsalu kuti olira asaone manyazi a banja. Mkazi wa malemu atayesa kuwayatsa, magalimoto asanamalize n'kuzungulira kamodzi, tivi inangoti bii. Amayi anatembenuzira nkhope kukhoma.

Tsopano mkazi wa malemu anaika sikuludiraiva yoyenera m'kadzenje kaja n'kutembenuza. Inangozungulira yokha, osagwira kanthu.

"Mwaona?" anatero Atcheya, ngati kuti wolakwa ndi iye. "Bweretsani hamala, tingokanula chitsulochi."

"Pansi pake pali timawaya topyapyala, alamu. Mukadula kamodzi, zatha."

Achemwali anadzutsa mutu pafoni. Anali pa sofa chiyambire m'mawa, nsapato zili pambali, mafuta awo onunkhira atadzaza chipinda chonse. Kumanda analira kuposa aliyense, mpaka anthu awiri kuwagwirira, koma supuni ya mayi awo anali asanaikhudze.

"Achimwene, musadzivute. Woyendetsa wati wanyamuka. Zopusazi n'zimene zinamulepheretsa mwana uja kukhala munthu. Mwamuna wamtundu wanji wodyetsedwa ndi mkazi?"

Mkazi wa malemu anayang'anitsitsa kasikuluwu kaja. Anakumbukira tsiku lina mwamuna wake akulimbana ndi sikuluwu yodyeka ya chogwirira poto, mmene anaikira kamphira pamwamba pake. Analowa m'bafa n'kutuluka ndi magolovesi achikasu a mphira, aakulu, amene ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko. Anawayala patebulo n'kutenga sizasi.

"Ii, mlamu! Magolovesi otsukira chimbudzi patebulo lodyera?" anatero Achemwali, atagwira mphuno.

"Si a chimbudzi. Ndi amene ankavala posintha Amayi ndi powasambitsa."

Atcheya anatsokomola. "Ine ndimayesa pamabwera namwino."

"Namwino wake ndi amene mwaika m'manda uja, alamu."

"Mwana wamwamuna kusambitsa mayi ake!" Achemwali anaomba m'manja kamodzi. "Abale inu, zamanyazi bwanji! Inu munali kuti?"

"Ndinali kuntchito, kuti m'nyumba muno mukhale chakudya. Mwana wawo wamkazi tinkamuimbira. Foni inkangoitana."

Achemwali anabwerera pafoni yawo yomweyo, imene lero inkagwira ntchito bwinobwino.

Mayiyo anadula nsonga ya chala chimodzi cha golovesi. Mphirayo inali idakali ndi mapindiko a zala za mwamuna wake, ndipo zinamupweteka mtima ngati akudula munthu. Anayala kamphirako pa mutu wa kasikuluwu, n'kuzika sikuludiraiva pamwamba kuti mphira ilowe m'kadzenje n'kugwira. Anakanikiza, anatembenuza. Inagwira pang'ono, kenako inapulumuka. Anayesanso, kamphira kanabooka. Manja ake analibe mphamvu, naye chakudya chinali chisakulowa masiku amenewo.

Panja galimoto inaliza hutala.

"Basi, zakanika," anatero Atcheya, akuimirira n'kukonza lamba. "Achemwali, tengani chikwama cha Amayi."

Amayi anamva hutalayo. Dzanja lawo lamanzere linagwira gudumu la chikuku n'kulikakamira, mitsempha ili tototo.

"Alamu," anatero mkazi wa malemu, akudula chala china cha golovesi. "Ndithandizeni kamodzi kokha. Ine mphamvu zandithera. Pano pakufunika munthu wa thupi."

Apa ndiye anawagwira pofewa. Atcheya akanakana chilichonse, koma osati kutchedwa amphamvu pamaso pa anthu. Anapinda manja a malaya.

"Ikani chikhatho pamwamba pa chogwirira, mukanikize pansi. Osatembenuza, chonde. Kutembenuza ndi kwanga."

"Ndikudziwa, ndikudziwa."

Sankadziwa, koma anakanikiza. Mayiyo anapinda thaulo n'kuliika pansi pa makina, anagwira chogwiriracho m'mbali ndi manja onse awiri. Atcheya anatsamira ndi thupi lonse, ndipo mimba yawo, imene inakula ndi zakudya za m'misonkhano, lero inapeza ntchito. Iye anatembenuza pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Palibe chinachitika. Hutala inaliranso. Kenako kanamveka kaphokoso kakang'ono, tsa, ndipo kasikuluwu kanasuntha.

"Musasiye! Musasiye!"

Kanazungulira, kanakwera, mpaka mutu unatuluka poti zala n'kugwira. Anakamaliza ndi zikhadabo n'kukaika m'thumba la diresi.

"Ndinanena ine," anatero Atcheya, akupuma ngati akwera phiri. "Nkhani yake ndi mphamvu basi."

Pansi pa kachitsulo panali fumbi logwirana ngati bulangete, fani itatsamwa nalo. Mayiyo analichotsa ndi mswachi wakale, anapemerera, anabwezera kachitsulo ndi tisikuluwu totsala, n'kutseka chivundikiro. Achemwali anasuzumira pakhomo n'kuuza woyendetsa kuti adikire, osati chifukwa chokhulupirira, koma ankafuna kuonerera mlamu wawo akuchita manyazi mpaka kumapeto.

Makina anayaka. Fani inazungulira mwakachetechete. Pa tivi panaoneka magalimoto awiri ali pamzere woyambira, ina yofiira, ina yobiriwira.

Mkazi wa malemu anakankha chikuku mpaka pamalo ake, pafupi ndi kampando kathabwa ka mwamuna wake. Anaika pamiyendo ya Amayi chowongolera chawo, chimene malemu anachimata chitsekerero cha botolo kuti zala zolimba zizitha kukankha. Anakatenthetsa supu n'kubwera naye m'mbale. Amayi sanayambe. Ankayang'ana kampando kopanda munthu ndi chowongolera chachiwiri chili pamenepo.

Mkazi wa malemu anachita mantha. Iye anali asanasewerepo n'kamodzi komwe. Nthawi ya mpikisano ankakhala ali kuntchito, ndipo Lamlungu ankangoonerera ali pakhomo la khitchini. Anatambasula dzanja kuti ayese, koma Amayi anapukusa mutu. Anakweza chala n'kuloza mwana wawo woyamba.

"Ine?" Atcheya anaseka, akuyang'ana mlongo wawo. "Amayi, ine ndili ndi msonkhano madzulo ano."

Chala sichinatsike.

"Chabwino, tithane nazo. Kamodzi kokha."

Anakhala pa kampando, kakulira ndi kulemera kwawo, n'kugwira chowongolera ndi manja awiri, zala zili chire, nkhope ya munthu amene akuchitira ana chifundo. Amayi anasiya chawo. Anapendekeka m'chikuku mpaka mkazi wa malemu anaopa kuti agwa, anadutsitsa dzanja lamanzere n'kugwira mkono wamanja wa Atcheya. Anaukoka, anautsitsa, n'kuukankhira pansi pa ntchafu ya mwini wake. Anaumenya kawiri pamwamba, monga amachitira mayi pouza mwana kuti khala pompo.

"Akutani?" anafunsa Atcheya.

"Ndi mmene ankasewerera mng'ono wanu," anatero mkazi wa malemu. "Lamanja ankalikhalira. Ankati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

"Masiku onse?"

"Masiku onse. Ndipo sankawasiyira dala. Masiku ena ankapambana iye."

Magalimoto ananyamuka. Yofiira ya Amayi inadutsa pakona yoyamba mosalala. Yobiriwira inagunda khoma, inabwerera chambuyo, inagundanso, chowongolera chikuterereka pa bondo la Atcheya, chala chawo chamanzere chikupapasa mabatani ngati cha khanda. Palibe anaseka, ngakhale zinali zoseketsa. Makina sanazime. Yofiira inazungulira, inazunguliranso, n'kudutsa mzere yobiriwira idakali m'udzu.

Amayi anatembenuzira mutu kumene kunali mbale, n'kutsegula pakamwa.

Mkazi wa malemu anawapatsa supuni yoyamba, misozi ikugwera pamkono. Anameza. Anatsegulanso. Achemwali anavala nsapato mwakachetechete n'kutuluka kukalankhula ndi woyendetsa, ndipo patapita kanthawi galimoto inamveka ikuchoka.

Foni ya Atcheya inayamba kulira m'thumba la kumanja la buluku, anthu a msonkhano aja. Inalira, inasiya, inayambanso. Iwo anangokhala pa kampando ka mng'ono wawo, maso ali pa galimoto yobiriwira, dzanja lamanja likadali pansi pa ntchafu.