Mfundo za pa Zitenje za Amayi

Zitenje za malemu amayi zinalipo khumi ndi zinayi, chilichonse ndi mfundo yake kunsonga. Amayi ankamangamo tinthu tawo: kiyi, batani, mbulu wa mankhwala. Chionetsero changa cha zaluso ku Maputo chinayenera kukhala chimenecho basi: zitenje zolendewera pa waya, zosachapa, zikadali ndi fungo la utsi wa makala ndi thukuta lawo, mfundo zili chimangire.

Ndinakangana ndi achibale onse kuti zitenjezo zisagawidwe pamodzi ndi zovala zina maliro atatha. Mayi aang'ono, a Ermelinda, anavomera kuzisunga kwawo ku Mafalala, mu Maputo momwemo, mpaka nditabwerako ku Lisbon, kumene ndakhala zaka zisanu ndi ziwiri.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chionetsero chitsegulidwe, a Macuácua, eni nyumba yoonetseramo, anali atakhoma kale misomali. A Ermelinda anatulukira atasenza mtolo, akumwetulira ngati apambana mpikisano. Nditaumasula ndinangomva fungo la sopo. Zonse zochapachapa, zosita, zopinda bwinobwino. Mfundo panalibe ndi imodzi yomwe.

"Mayi aang'ono, mwatani?"

"Ndachapa, nanga sukuona? Umafuna azungu adzanene kuti achemwali anga anali auve?"

"Ndinakuuzani musazikhudze! Kangati pafoni?"

"Iwe Zulmira, usandikalipire ngati wantchito wako. Tinthu tawo ndi iti m'kachitini, palibe chatayika."

A Macuácua nawo analowererapo. "Madzi akatayika saoleka, mayi. Tingomanganso mfundozo, adziwe ndani?"

Ndikanawagenda ndi nyundo yawo yomweyo. Ndinapsa mtima kwambiri.

"Ndidziwa ine! Mfundo zija anamanga ndi zala zawo amayi. Ndi chokhacho chimene ndinatsala nacho!"

A Ermelinda anasiya kumwetulira. Anatola chitenje chobiriwira, n'kuika batani kunsonga, kupotokola kawiri, kenako kukoka ndi mano. Mfundoyo inatuluka ndendende ngati zija ndinazijambula pafoni tsiku la maliro.

"Chaka chonse chomaliza, zala za amayi ako sizinkagwira ngakhale supuni," anatero. "Iwo ankangoloza, ine n'kumamanga. Ukanabwera, ukanadziwa."

Anandiika chitenjecho m'manja, n'kutola china.

"Ndimange zinazi, kapena ndisiye?"