Madiresi Atayamba Kuwakulira

Ometa anazindikira kuti zinthu sizili bwino tsiku limene anapeza akazi awo akuchepetsa diresi lawo lomwe. Anali atabwerako msanga kometera chifukwa magetsi anathima. Atafika pakhonde anawaona ali pa makina osokera, diresi labuluu limene ankavala ku maukwati lili pansi pa singano. Mayiwo analikokera msanga pamiyendo ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

"Ndi la kasitomala," anatero asanafunsidwe n'komwe.

Ometa anadziwa kuti si zoona. Diresilo anawagulira ndi iwo omwe.

Akazi awowo ankasoka zovala pakhondepo kuyambira ana ali aang'ono, ndipo msewu wonse unkangowatchula kuti Atelala. Anali mayi wathupi, woti akakhala pabenchi ena amayamba asuntha. Koma miyezi imeneyi thupi lija linkatha ngati sopo woiwalidwa m'madzi. Mafupa a m'khosi anatulukira, mphete inkavuka yokha akamachapa. Chodabwitsa n'chakuti ankadya bwino, mwinanso kuposa kale. Ankatuluka thukuta ngakhale kunja kukuzizira, tulo tinkawavuta, ndipo ankapsa mtima ndi kanthu kochepa. Kulowetsa ulusi m'singano, kumene kale ankachita uku akucheza, tsopano kunali nkhondo chifukwa manja ankanjenjemera.

Ometa anali ndi mantha amene sanauze munthu. Mlongo wawo anayamba chonchi, kuonda pang'onopang'ono, ndipo pamene ankapita naye kuchipatala khansa inali itafalikira kale. Dzina la nthendayo sankafuna ngakhale kulitchula. Kuntchito maganizo ankawathawa, moti tsiku lina anangozungulira malo amodzi ndi makina ometera mpaka wometedwayo anawafunsa ngati akufuna aone ubongo. Anthu anaseka, iwo anangomwetulira ndi mano okha.

Zaka zambiri zapitazo, madokotala anapeza kuti chithokomiro cha Atelala sichinkagwira ntchito mokwanira. Chithokomiro ndi kachiwalo ka m'khosi kamene kamauza thupi liwiro loti liziyendera. Anawapatsa kapiritsi kakang'ono koti azimwa m'mawa uliwonse kwa moyo wawo wonse, n'kuwauza kuti azibwera kudzayezetsa magazi nthawi ndi nthawi. Poyamba ankapita. Koma atapeza bwino, mzere wa kuchipatala unayamba kuwatalikira, ndipo ankangotuma amuna awo kukagula mankhwalawo kusitolo ya mankhwala.

Ometa atalimba mtima n'kunena zopita kuchipatala, Atelala anakana. Anati kuonda n'kwa ukalamba, ndipo ali ndi madiresi a anthu oti amalize. Atawakakamiza, anasiya kupalasa makina n'kuyang'ana pansi.

"Bambo, akakandiuza zimene anauza alamu anga zija, ndidzabwera nazo bwanji kuno?"

Apa m'pamene Ometa anadziwa kuti onse awiri ankaopa chinthu chimodzi, aliyense payekha, m'nyumba imodzi.

Masana ena kasitomala wa Atelala anafika kometera akuthamanga, n'kuwauza kuti Atelala agwa. Anati Atelalawo anali akumuyeza m'chiuno, kenako anangogwira pachifuwa n'kukhala pansi. Ometa anasiya munthu mutu uli theka. Anapeza akazi awo atatsamira khoma, nkhope ili thukuta lokhalokha, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Atawagwira pachifuwa anamva mtima ukuthamanga, kudumpha, n'kuthamanganso.

Chifukwa cha mantha, anafuna chinthu choti achiimbe mlandu. Analowa m'nyumba, natenga mapaketi onse a mapiritsi aja, n'kunena kuti mankhwala omwa zaka zonsezi ndi amene awadya akazi awo, ndipo akawataya kudzala. Pakhomo anakumana ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, amene anali namwino asanapume pantchito. Iye anamva phokoso n'kubwera.

Anamwino anawalanda mapaketiwo mwaulemu. Anagwada, nagwira Atelala padzanja, namvetsera kugunda kwa mtima. Kenako anafunsa kuti amamwa angati patsiku, komanso kuti anayezetsa liti magazi komaliza. Pa funso lachiwirilo, Atelala anati sakukumbukanso. Loyambalo anayankha motsitsa mawu. Anati chaka chathachi, atadwala chimfine chachikulu, thupi linakhala lofooka kwa nthawi yaitali. Kasitomala wina wa vuto lomweli anawauza kuti iye amamwa awiri ndipo ali ndi mphamvu, choncho nawonso anayamba kumwa awiri. Amuna awo ankangoona kuti mankhwala akutha msanga, koma ankaganiza kuti m'mapaketi ayamba kuikamo ochepa.

"Bambo, musataye mankhwalawa," anatero Anamwino. "Thupi lawo likuwafunabe. Koma muyezo wa munthu wina si wawo ayi. Ine sindinganene kuti vuto ndi lomweli, anene ndi magazi. Ndi mmene mtimawu ukugundira, tisadikire mawa. Tipite lero, ndipo mapaketiwa tiwatenge."

Kuchipatala, dokotala anawayeza sikelo, anawamvetsera mtima ndi chifuwa, anawagwiragwira pakhosi ndi pamimba. Anafunsa ngati akutsokomola, ngati akumva ludzu kwambiri, ngati aonapo magazi popita kuchimbudzi. Ananena mosabisa kuti munthu wachikulire akamaonda popanda chifukwa, pamafunika kufufuza zinthu zingapo, monga shuga, chifuwa chachikulu ndi khansa yomwe. Liwu lija litatchulidwa, Ometa anagwira mpando mwamphamvu. Dokotala anatenga magazi, anawapatsa mankhwala odekhetsa mtima, ndipo anawauza mmene amwere mapiritsi a chithokomiro podikira zotsatira.

Masiku odikirawo anali aatali. Makina osokera anakhala ovundikira. Ometa ankapita kuntchito n'kubwerera panjira, ati aiwala lumo, chonsecho ankangofuna aone ngati akazi awo akupuma. Ana anaimba foni, koma iwo ankangoti mayi anu ali ndi kachimfine.

Tsiku lotenga zotsatira, Atelala anagwira dzanja la amuna awo pagulu, zomwe sanachitepo chikwatiranireni. Dokotala anawerenga, kenako anakweza maso.

"Mayi, khansa sitinaipeze, shuga ali bwino, chifuwanso chili bwino. Mankhwala a chithokomiro ndi amene achuluka m'thupi mwanu. Akachuluka, thupi limathamanga ngati makina opalasidwa mosapuma. Limawotcha chakudya chonse, mtima umathamanga, munthu n'kumaonda."

Ometa anangopukuta m'maso ndi chipewa. Dokotala anafotokozanso kuti munthu akamakalamba, nthawi zambiri thupi limafuna mankhwalawa ocheperako kusiyana ndi kale, ndipo akapitirira muyezo kwa nthawi yaitali amatha kuwononga mtima ndi kufooketsa mafupa. Anawalembera muyezo watsopano. Anawauza kuti azimwa m'mawa ndi madzi okha, asanadye kanthu, osati ndi mkaka kapena pamodzi ndi mankhwala owonjezera magazi. Anati abwerenso pakapita milungu ingapo kudzayezetsa, kenako azibwera nthawi iliyonse imene auzidwa, ngakhale akumva bwino.

Kusintha sikunabwere tsiku limodzi. Choyamba kubwerera chinali tulo, kenako manja anasiya kunjenjemera. Atayezetsanso, dokotala anasintha muyezo pang'ono, ndipo sikelo inayamba kukwera. Ana atamva nkhani yonse anakalipa kuti anabisiridwa, ndipo wamkulu anadzipereka kuti aziwaperekeza kuchipatala. Atelala anatumiza uthenga kwa kasitomala womwa mapiritsi awiri uja kuti nayenso akayezetse.

Masiku ano Ometa akakhala ndi wachikulire pampando wometera, samulola kuchoka asanamve nkhaniyi. Amamuuza kuti mantha anawachedwetsa pachabe, ndipo akanatha kutaya mnzawo chifukwa cha vuto lochizika. Munthu wachikulire akayamba kuonda osadziwa chifukwa, asanene kuti ndi ukalamba, apite kuchipatala msanga. Amene amamwa mankhwala a chithokomiro asawonjezere, asachepetse, ndipo asasiye payekha. Aziyezetsa magazi monga auzidwira, chifukwa muyezo woyenera amaudziwa ndi dokotala akaona magaziwo.