Ufa pa Tiyi wa Mayi Xiang

Xiang Lamei anakankha chitseko cha chipinda choyanikira tiyi n'kupeza mwana wake Maolin atanyamula sefa, akuwaza ufa wampunga pamasamba.

"Iwe! Ukutani pa tiyi wanga?"

Sefa inagwera m'lichero. Maolin anali munthu wandevu zake, koma maso anali mwazumwazu ngati kamwana kogwidwa kakunyambita shuga.

Tiyi wa mpesa wam'phiri sathiridwa kanthu. Ukathyola nsonga zake, n'kuzikazinga, kuzifikisa ndi manja ndi kuziyanika, zimayera zokha ngati zagwera phulusa. Kuyerako ndiye mankhwala ake: tiyiyo amayamba kuwawa palilime, kenako n'kutsekemera kukhosi, mawu n'kumasuka. Koma chaka chimenecho mvula inanyanya, masamba sanayere kwenikweni.

"Amayi, tsitsani mawu," anatero Maolin. "Ogula a pafoni amafuna woyera mbee. Akaona wakuda amati ndi chakudya cha mbuzi. Kodi ufa unaphapo ndani?"

"Unayamba liti zimenezi?"

"Aa, ndi masamba oyamba aja."

Pamenepo Lamei anazindikira zonse. Sabata yapitayo anakumana pamsika ndi a Qin, mphunzitsi wopuma ntchito amene choko chinawasasitsa mawu. Bambowa ankamwa tiyi wa Lamei yekha kwa zaka zambirimbiri. Tsikulo anamukokera pambali n'kumunong'oneza mwaulemu: "Achemwali, tiyi wanu masiku ano akuchita phala m'kapu, ndipo kukhosi sakundigwira. Kapena manja atopa? Pumulaniko, si zochititsa manyazi."

Lamei anabwerera kunyumba akudziyang'ana zala, n'kukhulupirira kuti ukalamba wamulanda luso.

"Ndinanena pachakudya kuti ndikusiya ntchitoyi," anakalipa Lamei. "Ndinalira pamaso pako, iwe uli phee, kumangobwira mpunga ndi tsabola wako! Unkadziwa, Maolin. Unandisiya ndikudzida ndekha chifukwa cha ufa wako wauvewu!"

"Ndimafuna kukuthandizani, amayi. Tiyi ameneyu bwenzi akuwolera muno."

"Kundithandiza? Pamapaketi paja pali nkhope ya ndani, yako kapena yanga? Ukamanama, uzinama ndi nkhope yako!"

Maolin anayamba kudzisasa ufa pamalaya. Lamei anachotsa kiyi pachitseko n'kumumangirira m'chiuno mwake.

"Muno sudzalowanso. Tola sefayo, utenge ndi thumba la ufalo."

"Tikupita kuti?"

"Kwa a Qin. Ukawauze wekha ndi pakamwa pako zimene wakhala ukuwamwetsa. Tikachoka kumeneko, khomo ndi khomo la aliyense amene anagula."

"Amayi, lero ndi tsiku la msika! Anthu akandiseka."

"Akakuseka, inde. Ine akhala akundimvera chisoni, ndipo chimenecho chimapweteka kuposa kusekedwa. Tsogola."

Maolin anawerama n'kutola sefa. Anatsika njira yotsetsereka yopita kumsika, mayi ake ali pambuyo, osamulola kudzera njira yachidule ya m'nsungwi.