Majombo a Malemu Goliati

Mtolo wa zovala za mwamuna wanga ndinaumasula ndekha ndi manja angawa, ndipo amene akufuna kundiimba mlandu abwere, pakhomo pano akupadziwa.

Goliati atamwalira, abale ake anamanga zovala zake zonse m'chinsalu n'kupachika kudenga. Mwambo wake ndi umenewo: palibe wovala kanthu ka malemu mpaka akuchimuna atabwera kudzagawa ndi dzanja lawo. Anati abwera chimanga chikauma. Chimanga chinauma, tinakolola, anankafumbwe mpaka anayamba kuchiboola, anthu osaoneka.

Ndiye mwana wanga Angella anapeza ntchito komwe ankagwira bambo ake, yophikira alendo amene amapita kudambo la kumunsi kwa Shire kukaona mvuu, ng'ona ndi mbalame. Ine sindimvetsa kuti munthu n'kulipira kuti akaone ng'ona, koma ntchito ndi ntchito. Bwana wake ananena pafoni mosapsatira: galimoto yochokera ku Zomba idzaima pa Namadzi m'mawa, ndipo wopanda majombo asakwere, chifukwa kumeneko n'kumatope, kuli misundu ndi njoka. Ogula tikanawatenga kuti ife? Pamene majombo abwinobwino ali kudenga, akungosewererapo makoswe.

M'mawa wa tsikulo tinayala mkeka pakhonde n'kuyamba kulongedza. Neti ya udzudzu ndinaisoka pamene panabooka. Ndinaika tochi, sopo, zitenje ziwiri zakuda chifukwa akuti zowala zimathawitsa mbalame, chipewa cha mlaza, ndi chinangwa chophika choti adye panjira. Majombowo anali aakulu, mapazi a Goliati anali ngati makasu, ndiye ndinatsendera sanza kutsogolo. Angella anavala n'kuyenda pabwalo, gwa gwa gwa. Ndinayang'ana kumbali. Kayendedwe kake kanali ka bambo ake.

Belu la kabaza linalira kumsewu. Wotsika anali mlamu wanga Francisko, mng'ono wake wa Goliati, jekete ali nalo paphewa. Wina anamutsina khutu, ndipo wa m'mudzi mommuno, ndidzamudziwa.

"Alamu," anatero asanapereke ndi moni yemwe, "ndani wamasula mtolo?"

"Ndine. Mwadzuka bwanji?"

"Nanga chimene chili kuphazi kwa mwanayo n'chiyani?"

"Maso mwawasiya kwanu? Ndi majombo a bambo ake. Akupita kuntchito."

Angella anagwada n'kuwomba m'manja. "Bambo aang'ono, galimoto ikubwera. Ndidzabweza ndikalandira malipiro."

Francisko sanamuyang'ane n'komwe. Anakhala pampando umene sindinamupatse.

"Alamu, inu ndi wamkulu, zinthu mukuzidziwa. Nsapato zimenezo mwini wake sanazitaye. Mukumutumiza mwana kumadzi, kwa ng'ona, atavala za munthu amene sitinamutsanzike. Achimwene akafuna nsapato zawo akazitengera komweko. Tsiku limenelo musadzandiitane."

Ndinafuna kumulavulira. Koma mawu amenewo anali kale m'mimba mwanga chimasulireni mtolo uja, ndinkangowapondereza ndi ukali. Mwamuna ndinaika kale. Mwana ndili naye mmodzi.

Angella anakhala pansi n'kuyamba kuvula jombo lakumanzere. Foni yake inalira. Anamvetsera, kenako anandiyang'ana.

"Amayi, ndi adalaivala. Akuti anyamuka ku Zomba, ndipo pa Namadzi sadikira munthu."

"Usavule!" ndinamukalipira. Ndinatembenukira kwa mlamu uja. "Chabwino. Mwambo umati dzanja la akuchimuna. Dzanja lake si limene lili pabondo panulo? Tengani majombowo mum'patse mwana wa m'bale wanu. Zatha."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waona mbewa yalowa mumsampha.

"Sitigawa theka, alamu. Katundu wa malemu aonekere yense. Njinga ili kuti?"

Apo ndipo panagona nkhani. Njinga imeneyo ndinaikaniza pamaliro pomwe, pamaso pa anthu onse, n'kuilowetsa kuchipinda kwanga kumene mlamu sangaponde. Ndi imene ndimanyamulira matimati kupita nawo kumsika. Goliati anagula, eya, koma matayala onse awiri ndinagula ndine, tcheni ndine, ndipo amene ankamukankhira nayo kuchipatala ndine. Francisko nthawi imeneyo anali ndi chimfine chosatha.

"Ndiye mwabwerera njinga," ndinatero. "Si za ng'ona ayi. Mwana wa m'bale wanu mwamuika pasikelo ndi chitsulo."

"Ine ndikungosunga mwambo."

"Mwambo wanu unali kuti pamene ndinkachapa munthu wodwala ndekha? Unali ku bawo?"

"Tukwanani, alamu. Galimoto siimva zimenezo."

Zoona, siimva. Ndinayang'ana Angella. Jombo limodzi linali kuphazi, lina m'manja. Sanandipemphe kanthu. Akanandipempha mwina ndikanamukalipira.

Ndinalowa kuchipinda. Ndinamasula dengu la matimati pakaliyala n'kuliika pansi. Njingayo ndinaikankha mpaka pabwalo n'kuisiya igwe pamapazi a Francisko.

"Nayo. Tsopano imirirani muchite ntchito yanu. Ndipo mulankhule mokweza, amene anakutumirani uthenga uja amve ali kuseri kwa mpanda."

Anaimirira. Angella anavula jombo linalo n'kupereka onse awiri. Francisko anawagwira, anatsokomola, ndipo mawu anayamba kumuvuta, pakuti pachidendene panali chigamba chimene Goliati anamata yekha.

"Achimwene," anatero, "katundu wanu tagawa. Nsapato izi tapatsa mwana wanu Angella. Si zanunso. Mumuleke ayende."

Anamupatsa ndi manja awiri. Angella anavala msangamsanga, ine ndikumanga chikwama. Wakabaza uja anali atapita kale, ndipo wapansi sakanaipeza galimoto.

Francisko anadzutsa njinga n'kumapukuta chishalo ndi jekete, akuyang'ana njira ya kwawo ku Mbombwe.

"Mukulowera kuti?" ndinamufunsa. "Namadzi ndi uku. Njinga ndi yanu, mwana ndi wanu. Mukwezeni. Akaisowa galimoto imeneyo mudzandipeza pakhomo panu, ndipo sindidzabwera kudzacheza."

Anandiyang'ana, n'kutembenuza njinga kuloza ku Namadzi. Angella anakwera pakaliyala, chikwama pamiyendo, majombo akulendewera mbali imodzi. Munthu uja anapalasa mpaka fumbi.

Foni ya mnansi inalira dzuwa litakwera. Anali Angella, akuti wakwera, ndipo bambo ake aang'ono anafika thukuta lili kamukamu, mpaka anakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Ndinapinda nkhata, ndinasenza dengu la matimati, n'kuyamba wapansi kupita kumsika.