Mtolankhani Wachisanu

Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amaphunzitsa utolankhani pa yunivesite ngakhale kuti nsapato zake sizinathamangirepo nkhani. Mtolankhani weniweni pabanjapo ndinali ine. Mabenchi a kukhoti anandiperepesera masiketi, ndipo pa nyuzipepala yathu nkhani za milandu zinali zanga. Ntchitoyo ndinkaikonda, komanso ndi imene inkalera ana anga awiri chichokereni bambo awo.

Loweruka lina masana anatulukira kwathu ndi mkazi wake, chikwama chili pa phewa. Ankachita kafukufuku woti apatsidwe udokotala, uja wa mabuku osati wa jekeseni. Ankafuna kudziwa chimene chimachititsa atolankhani kudzitseka okha pakamwa.

"Alamu, mundithandize," anatero akutulutsa kamakina kojambulira mawu. "Anzanu onse akungondizungulira ngati akuyankha apolisi. Ndikufuna munthu mmodzi wondiuza zoona."

"Zoona zimachotsetsa ntchito, alamu. Inu mpando wanu ndi wachitsulo, wangawu ndi wa miyendo itatu."

"Dzina lanu silituluka. Ndi lamulo la kafukufuku limenelo. Ngakhale la nyuzipepala silituluka. Mudzangokhala nambala basi."

Mng'ono wanga, amene ankandipindira zovala pampando, anaikapo mlomo: "Achemwali, athandizeni. Munthuyu waonda nazo, taonani khosilo."

Ndinaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunandipweteketsa. Anaika kamakinako pa tebulo, kakuwala kofiira kanayaka, ine n'kumasula thumba.

Ndinamuuza za mkonzi wathu wamkulu, amene tonse tinkamutcha Lumo chifukwa cha mmene ankametera nkhani. Ndinamuuza za kampani ina imene inkagula tsamba lonse lakumbuyo kuti izitsatsirapo malonda. Antchito ake atavulala ndi makina anaisumira, ine ndinakhalira mlanduwo kuyambira pachiyambi mpaka chigamulo, n'kulemba zonse. Nkhaniyo inalowa mu ofesi ya Lumo ndipo mpaka lero sinatuluke. Pomaliza ndinanena mawu amene ndinkakonda kunena kuntchito tikamamwa tiyi: kwathu kuno nkhani imalowa kwa mkonzi ili ndi mano, imatuluka ili usinini wokhawokha.

Mlamu anawomba m'manja ngati wapha nyama. "Eyaa! Zimenezo ndiye ndimafuna."

Miyezi inadutsa, ine n'kuiwala. Kenako kunabwera uthenga woti yunivesite ikuitana atolankhani kuti akamve zimene kafukufuku wapeza. Akuti ndi mmene amachitira, zotsatira azikazibweza kwa eni ntchito. Ndinapita ndi wojambula zithunzi wa kuntchito kwathu, tinakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Holoyo inali ndi mipando yomangiriridwa pansi ndi fani imodzi yolira ngati ikudandaula. Kutsogolo, pa tebulo loyalidwa nsalu yoyera, panali mlendo wolemekezeka, duwa lili pa jekete. Anali Lumo.

Mlamu analankhula bwino, sindingamunamizire. Anatchula mayina a azungu ambiri amene anaganizapo kale za ife. Kenako anadina kompyuta, ndipo pakhoma panatuluka zilembo zazikulu zoti ngakhale wa maso ofooka awerenge: Mtolankhani Wachisanu, wamkazi, wokhalitsa pa ntchito, wolemba za kukhoti pa nyuzipepala yotuluka tsiku ndi tsiku.

Mumzinda monsemo mkazi wolemba za kukhoti ndinali ine ndekha.

Anadinanso. Panabwera nkhani ya kampani ija, dzina lokha atachotsa. Pansi pake panali mano ndi usinini wanga, liwu ndi liwu, ngakhale "kwathu kuno" anamusiya momwemo. Ophunzira anaseka chikhakhali. Pulofesa wina wa imvi anagwedeza mutu n'kunena kuti amenewa ndiye mawu amoyo. Ine ndinaweramitsa mutu. Wojambula zithunzi uja anayamba kupukuta kamera yake, imene inalibe fumbi ngakhale pang'ono.

Lumo sanacheuke. Atapatsidwa mpata anaimirira, n'kuyamikira yunivesite chifukwa cha ntchito yotamandika. "Ndaphunzira zambiri," anatero, "makamaka kwa Mtolankhani Wachisanuyu. Ndi munthu wa luso. Ndikanakonda nditamudziwa." Holo yonse inasekanso.

Nthawi ya zakumwa ndinamukokera mlamu m'khonde.

"Mwandiika pambalambanda, alamu."

Anadabwa, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anadabwadi. "Dzina lanu lili pati? Tandionetsani."

"Nanga 'wamkazi'? Nanga 'za kukhoti'? Bwanji simunangoikapo chithunzi changa?"

"Oyesa kafukufuku amafuna adziwe kuti wolankhulayo ndi munthu wotani. Popanda zimenezo amati ntchito ilibe mnofu."

"Nanga mawu aja? Aliyense kuntchito amadziwa kuti ndi anga."

"Mawu a woyankha sasinthidwa, alamu. Ndikasintha ndiye kuti ndanama. Ifetu sitili ngati akonzi anu."

Ndinamuyang'ana munthu uja, kapu ya zakumwa ili m'manja, tayi ili bwinobwino. Zaka zonse ndinkadana ndi munthu wodula mawu anga, koma wondipha anali uyu amene sanadulepo ngakhale limodzi. Anthu ankamudikirira kuti amugwire chanza, ndipo anandipepesa kuti tidzakambirana kunyumba.

Lolemba Lumo sanakalipe. Anandiitana, n'kundipatsa mpando, mpaka kundifunsa za ana. Kenako anati kukhoti kwandilemetsa, ndipume. Anandipatsa tsamba la zidziwitso za maliro ndi za nyengo. "Kumeneko nkhani sizimera mano, mayi," anatero akumwetulira. "Simudzadandaulanso."

Ndinalemba za akufa ndi za mvula mpaka mgwirizano wanga wa ntchito unatha, ndipo sanauwonjezere. Tsiku lochoka ndinalongedza makapu anga ndi nsapato zosinthira m'katoni. Anzanga amene ankaseka nane za usinini anali maso pa makompyuta, aliyense wotanganidwa ngati dziko likutha mawa. Ndinayenda m'manyuzipepala ena ndi pa wailesi ziwiri. Kulikonse ankandilandira ndi ulemu, n'kunena kuti anamva za luso langa, koma malo palibe. Akonzi amamwera malo amodzi.

Ndinafuna kukadandaula ku yunivesite. Mayi anga anandiletsa. "Mwanawe, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukagwetsa mlamu wako wagwetsa mng'ono wako ndi ana ake." Mng'ono wangayo ankangolira pa foni, kunena kuti mwamuna wake anatsatira malamulo onse, ndipo komiti ya kusukuluko inamuyamikira. Ndinameza. Pa chikondwerero cha udokotala wake ndinapita, ndinatsuka nawo mbale, ndipo pa zothokoza anatchula atolankhani olimba mtima amene sangawatchule mayina.

Tsopano ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito m'kasitolo ka mnzanga wojambula mapepala. Mwana wanga wamkulu anasiya kunena kuti akadzakula adzakhala mtolankhani.

Mwezi wathawu mlamu anabweranso, yekha, chikwama chatsopano chili pa phewa. Khosi lija linadzaza. Anakhala pampando womwe uja, n'kuzungulirazungulira za ana ndi za mitengo ya zinthu, kenako anatsokomola.

"Alamu, zija zinandikhudza kwambiri. Moti ndaganiza zoti zisathere pomwepo. Yunivesite yandilola kuchita kafukufuku wachiwiri, wa atolankhani amene anachotsedwa ntchito chifukwa cholankhula. Ndayang'anayang'ana, woyenera kuposa inu palibe." Anatulutsa kamakina kaja. "Ulendo uno ndisamala kwambiri."

Ndikananena zimene zinali mumtima mwanga, chibale chikanathera pomwepo.

"Yatsani," ndinatero.

Kakuwala kofiira kanayaka. Anafunsa funso loyamba, ine ndinapinda manja n'kumuyang'ana. Anafunsa lachiwiri. Panja galimoto inadutsa, kwa aneba mwana ankalira, ine duu. Tinakhala choncho mpaka tiyi amene ndinamuikira anazizira.

"Mukalembe zimenezo, alamu," ndinatero pomaliza. "Musasinthe ngakhale liwu limodzi."

Ndinkayembekezera kuti achita manyazi. Koma nkhope yake inawala ngati tsiku lija la usinini. Anazimitsa kamakinako mosamala n'kukaika m'chikwama.

"Mukudziwa, alamu," anatero, "pa kafukufuku kukhala chete nakonso ndi yankho. Izi ziwasangalatsa kwambiri."

Anamwa tiyi wozizirayo mpaka kumaliza, n'kundifunsa ngati ndingamulozere anzanga ena.